Pa bajeti ya ukwati palibe mzere wa telala

Lero tikamba za diresi la ukwati, ndipo tikambira kuno ku Chitawira, kumene nyengo ya maukwati Loweruka silidutsa osamva mahutala a galimoto za akwati mu Kenyatta Drive.

Amene munakhalapo mu komiti ya ukwati mukulidziwa pepala la bajeti. Pamwamba pamakhala holo, kaya Comesa ku Chichiri, kaya Robins Park, kaya holo ya pa tchalitchi pomwepo. Kenako zokongoletsa, keke, zoimbira, MC, wojambula, galimoto ndi mafuta ake. Diresi liliponso, mzere umodzi: kugula kapena hayala. Koma fufuzani pamene palembedwa kuti kubwezetsa diresi. Simupapeza. Komiti imayesa kuti diresi likangofika m'chikwama, nkhani yatha. Ndiye Lachiwiri madzulo, ukwati uli Loweruka, mkwatibwi ndi azakhali ake aima pakhomo pa telala, diresi lili m'jumbo, maso ali psuu: “Bambo, tithandizeni, zipi sikukwera.”

Tisanayambe kumunena mwana wa eni ake kuti wanenepa, tifunse kaye kumene diresilo lachokera. Madiresi oyera ambiri amene timawaona m'matchalitchi a mu Blantyre muno sanasokedwe kuno. Fakitale yathu ya nsalu, ija ya David Whitehead imene a Mapeto anagula mu 2003, ndi ya zitenje ndi nsalu za thonje. Satini, lesi ndi neti zimachita kubwera. Ena amaitanitsa diresi ku China, kumene mzinda wa Suzhou uli ndi dera lotchedwa Huqiu lodzaza ndi mashopu a zovala za ukwati. Ena amatuma amayi a geni opita ku Johannesburg kapena ku Kariakoo ku Dar es Salaam. Ena amatumiziridwa ndi achemwali awo okhala ku Leeds kapena ku Dublin. Enanso amalipeza pa kaunjika ku Limbe, kapena mu shopu ya DAPP, loti mwini wake analivala tsiku limodzi n'kulipereka.

Tsono dziko lililonse lili ndi manambala ake. Saizi 12 ya ku UK ndi pafupifupi saizi 8 ya ku America, ndipo L wa ku China kawirikawiri amamuchepera munthu amene kuno amavala L. Kuwonjezera apo, fakitale imadula nsalu poganizira thupi limodzi longoyerekeza, loti basiti, wesiti ndi hipi zimatsatana mwa muyezo umodzimodzi. Yang'anani amayi amene mumakwera nawo minibasi ya ku Limbe: ndi angati ali ndi thupi limenelo? Wina kumtunda ndi 10, kumunsi ndi 14. Wina msana ndi waufupi, ndiye chiuno cha diresi chimakathera pa hipi, nsalu n'kumakwinyika kumbuyo. Matupi amenewa alibe mlandu. Diresi logula losokasoka ndi diresi losamalizika, ndipo wolimaliza wake ndi telala wa kuno kwathu.

Ntchito imeneyi yakula zaka zino chifukwa cha ndalama. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chodutsa pa Mwanza, pa Songwe kapena pa Chileka chinakwera nayo. Mabanja amene kale akanaitanitsa latsopano lero akubwereka la msuweni, akutenga la hayala, kapena akufukula pa kaunjika. Onsewo ndi madiresi amene anayamba akhalapo pa thupi la munthu wina.

Paja mwambo wa diresi loyerawu ndi wobwera. Mfumukazi Victoria ya ku Britain inavala zoyera pokwatiwa ndi Albert mu 1840, anthu a ku Ulaya n'kutengera. Kuno unafika ndi amishoni, monga a Blantyre Mission amene anakhazikika mu 1876, ndipo unabwera pamodzi ndi singano, chifukwa atsikana a pa mishoni ankaphunzitsidwa kusoka. Ku Mbombwe ku Chiradzulu, mayi Ida Chilembwe, mkazi wa John Chilembwe, ankaphunzitsa amayi zosokasoka pa PIM. Wosoka wa nthawi imeneyo ankayamba ndi kuyeza mwini chovala, kenako n'kudula nsalu. Ife tinatembenuza: timayamba ndi kugula, kuyeza pambuyo.

Ndipo ngakhale diresi tinatengera, ukwati wake tinaupanga wathuwathu. Mtsikana wa pa chithunzi chija mumatumizirana pa WhatsApp wangoima, dzanja m'chiuno, ndipo nthawi zambiri kumsana kumene kamera sikuona amakhala atamupana ndi zopanira kuti diresi lioneke lomukwana. Chikomekome cha mkuyu. Mkwatibwi wa ku Chitawira, wa ku Nkolokosa, wa ku Zingwangwa, ali ndi ntchito. Amavala m'mawa, n'kudzipinda pa mpando wa kumbuyo kwa galimoto. Amagwada ku guwa, amawerama posaina m'kaundula, amakajambulitsa ku maluwa. Masana amalowa mu holo movina. Kenako perekani-perekani: akuchikazi abwere, akuchimuna abwere, a ku ntchito, a kwaya, amene anaphunzira naye ku sekondale, ndipo gulu lililonse likufuna aimirire, agwire lichero, avine nalo, akumbatire agogo. Maola ndithu, mwezi wa Okutobala, anthu atadzaza holo. Diresi limene lamukwana munthu ataima njo patsogolo pa galasi likhoza kumuzunza kuyambira ku tchalitchi mpaka podula keke.

N'chifukwa chake tsiku lokayesa si tsiku loima ngati asilikali. Khalani pa mpando wa telalayo, muone ngati mpweya ukutuluka. Gwadani. Kwezani manja onse awiri, muone ngati chifuwa cha diresi chikukwera nanu kapena chikutsala m'munsi. Vinani pang'ono, manyazi asiyeni panja. Tonse tinaonapo mkwatibwi amene tsiku lonse dzanja limodzi lili pachifuwa, kukokera diresi m'mwamba, pa chithunzi chilichonse. Pamenepo sipafunika kuthinitsa chifuwa ayi. Diresi lopanda mapewa limagwira m'chiuno, ndipo telala wodziwa amasokera kalamba mkati mwake, kokoleka ndi ngowe, kuti kulemera kwa siketi yonse kukhale pa chiuno.

Telala wodziwa ntchito imeneyi mumamuzindikira asanagwire sizasi. Amayala nsalu yoyera pansi, chifukwa makina ake ali pakhonde kapena m'kachipinda koyang'ana msewu, ndipo fumbi silisankha. Amasamba m'manja. Amapukuta makina, n'kuyamba wasoka kansanza, kuti ngati mwatsala mafuta adonthere pamenepo. Amachotsa singano imene dzulo inasoka jinzi n'kuika yaing'ono, poti satini akaboola ndi singano yaikulu zibowo zake sizitsekeka. Akatero amatembenuza diresi kunja kukhala mkati, n'kuyendetsa chala m'misoko. Akufuna aone nsalu imene a fakitale anasiya mkatimo. Ndipo ameneyu sanena mtengo asanaone mkati. Amene wangoliyang'ana lili m'jumbo n'kunena kuti “mawa masana mudzatenge”, nyamulani katundu wanu.

Kubweza diresi lokhwepa ndiye kosavutirapo, koma musamve ngati ndi kusoka yunifolomu. Tinene kuti m'chiuno mwakula ndi masentimita 4. Telala sapita kumsana kukapinda pa zipi, chifukwa akatero misoko ya m'mbali imathawira kumbuyo, diresi n'kupotoka. Amagawa: alowetsa msoko wa kumanja ndi sentimita 1, wa kumanzerenso sentimita 1, ndipo poti msoko uliwonse wagwira nsalu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, 4 uja wakwana. Koma kuti afike pa msokowo adutsa zambiri. Pamwamba pali lesi, pansi pake satini, mkati nsalu ina yogunda thupi, ndipo pakati pali timizere ta pulasitiki tolimbitsa chifuwa toyenera kusololedwa n'kubwezeredwa pamalo pake. Pa lesi pali mikanda. Makina sangaponde pa mkanda, singano imathyoka. Ndiye amaichotsa pamanja, umodziumodzi, n'kuisunga m'kabotolo. Mikanda ya ku fakitale yambiri imakhala pa ulusi umodzi wautali, ndipo ukaudula osamanga mfundo, mzere wonse umayoyoka, lero pang'ono, mawa pang'ono, Loweruka mu holo ana akutola. Akamaliza kusoka, amabwezera duwa lililonse la lesi pamwamba pa msoko kuti pasaoneke kuti panadutsa munthu. Ntchito yotereyi ikayenda bwino, palibe amene amaiona. Mwina n'chifukwa chake timavuta kuilipira.

Diresi lothina ndiye mutu waukulu. Madiresi otsika mtengo amasiya nsalu yochepa kwambiri m'misoko, ina yodulidwa kale ndi ovaloko, moti palibe chomasula. Zikatero njira ndi ziwiri. Telala akhoza kuika kansalu m'mbali, pansi pa mkhwapa, n'kukabisa ndi lesi. Kapena achotse zipi yonse, aike zingwe zomanga kumsana ndi kansalu kotchinga mkati. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa zingwe zimalolera: munthu akatsika pang'ono mumakoka, akakwera pang'ono mumamasula. Koma njira zonse ziwiri zikufuna nsalu yofanana, ndipo kuyera kuli mitundumitundu. Kuli koyera mbee, kuli kopita ku kirimu, ndipo pansi pa getsi la mu shopu zonse zimaoneka chimodzimodzi. Mukapita kukafuna nsalu m'mashopu a ku Limbe kapena mu Haile Selassie Road, tengani kachidutswa ka diresilo, mupemphe mutuluke nako pakhonde, mufanizire padzuwa. Kamera ya wojambula imaona kusiyana kumene diso lanu linakhululuka. Ndiye poitanitsa diresi kunja, lekani kutchula saizi. Tumizani miyezo ya tepi, yoyezedwa ndi telala osati ndi mnzanu wa ku ofesi, ndipo musankhe diresi lokwana pamene thupi lanu lili lalikulu. Kotsalako abweza.

Za kutalika, lamulo lake ndi lakale: pitani ndi nsapato zimene mudzavale, kamisolo amene mudzavale, ndi pitikoti yake ngati ndi ija ya mawaya. Pitikoti imatukula siketi, moti amene wayeza popanda iyo amadula molakwika. Kutsogolo diresi lisakhudze pansi, patsale mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri, chifukwa kwathu kuno simuyenda pa kapeti tsiku lonse. Pali masitepe a tchalitchi, pali miyala ya pabwalo, pali msewu wa kwa ankhoswe. Ndipo nenani zoona ngati mukudziwa kuti gogoda mudzamuvula pofika ku holo. Ambiri amayezetsa atakwera pa gogoda, masana avala zafulati, ndiye akuponda diresi lawo lomwe pamene MC akuti akwati alowe. Ngati m'munsi muli lesi ya maluwa, imeneyo sadula pakati. Amaimasula yonse kuzungulira, kufupikitsa nsalu, n'kuibwezera, kapena amakwezera siketi m'chiuno. Mchira nawo ufunika mabatani kapena ngowe zoukolekera m'mwamba mukachoka ku tchalitchi. Tiana togwira mchira timatopa, timakangana, tikaona fanta timathawa. Ndipo amene ukwati wanu uli mu Disembala, dothi la Blantyre likanyowa mukulidziwa mtundu wake.

Diresi la hayala lili ndi malamulo ake. Mwini wake akufuna Loweruka linalo livalidwe ndi wina, ndiye sizasi ayi. Telala amangopindira mkati n'kugwirizira ndi ulusi pamanja, woti Lolemba umasulidwe. Izi zili ndi malire. Diresi lokula ndi masaizi atatu silingapindidwe osaoneka zotupa m'mbali, ngakhale wobwereketsayo alumbire kuti “tingolowetsa pang'ono, asisi, likhala bwinobwino”. Funsani musanapereke dipoziti: wobweza ndani, wawo kapena wanu? Lichapidwa liti? Nanga amene akulivala Loweruka lotsogola ukwati wanu akachedwa kubweza, inu muyesa liti? Ndipo pomwe pali pong'ambika kale, pajambuleni pa foni mwini wake akuona.

Kulinso nkhani ya ku mpingo. Madiresi ambiri obwerawa ndi a mapewa pamtunda ndi msana pabwalo, ndipo si abusa onse kapena amayi a Mvano onse amene amasekerera zimenezo. Achinyamata ena amaiwala kuti dziko lino linakhalapo ndi lamulo la kavalidwe, Decency in Dress Act ya 1973, limene linkaletsa akazi mathalauzi ndi masiketi osafika m'mawondo mpaka linachotsedwa mu 1993. Lamulo linapita, koma azakhali amene anakula nalo alipo, ndipo amakhala mzere woyamba. Kaya mukugwirizana nawo kaya ayi, funsani ku mpingo kwanu nthawi ikadalipo. Manja a lesi kapena kajekete kovula mukatuluka m'tchalitchi telala amasoka bwinobwino akapatsidwa masabata. Chimene chimanyansa ndi chija chongoponyedwa pamapewa pakhomo pa tchalitchi, mkulu wa mpingo ataima pambali.

Tsopano chimene chimandiwawa kwenikweni. Mtsikana amagula dala diresi lochepa, amvekere “ndikhala nditaphwa pofika tsikulo”. Mwezi wonse nsima ayi, tiyi wa mandimu, mankhwala otsegula m'mimba ogula pa Facebook. Pamwamba pa njalayo pali misonkhano ya komiti, ngongole, kukangana kwa achibale, kusagona. Kenako timamva kuti mkwatibwi anachita chizungulire ku guwa, anthu n'kuyamba kuloza azakhali ena a kumudzi. Munthu sanadye, wamangidwa m'chifuwa, kunja kukutentha, mukufunanso mfiti yanji? Nsalu imadulidwa, imalumikizidwa, imagulidwa ina pa mita. Mnyamatayo anafunsira munthu ameneyu mmene alilimu, ndipo ankhoswe anagwirizana za munthu yemweyu. Palinso akwatibwi ena amene thupi likusintha pa chifukwa china, choti mwezi ndi mwezi chiuno chikuwonjezeka. Za chikhalidwe akambe alangizi. Ine ndingoti telala muuzeni, ngakhale monong'ona, kuti asiye malo m'misoko. Matelala amasunga zinsinsi zambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo tepi yawo imakhala itawauza kale.

Nanga nthawi? Mipingo yambiri imalengeza ukwati masabata atatu otsatizana. Ngati dzina lanu layamba kuwerengedwa ku tchalitchi diresi lisanaonane ndi telala, mwachedwa. Kuyesa koyamba kukhale kukadali mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri, kuti apane mapini ndi kuona chogula. Kwachiwiri aone ngati zimene wasoka zakhala. Komaliza kukhale sabata limodzi kapena awiri ukwati usanafike, osati Lachisanu usiku. Kumbukirani kuti telalayo ali ndi madiresi a operekeza anu omwe, zitenje za akuchikazi, za akuchimuna, mayunifolomu ngati sukulu zikutsegulira, ndi zovala za Khirisimasi ngati chaka chikutha. Magetsi akathima, wa makina opalasa ndi mwendo apitiriza, koma ovaloko ndi simbi zaima, ndipo mikanda sasoka pa kandulo.

Matelala nanunso ndikunenani, poti mukumvera wailesi ili pambali pa makinapo. Mbiri ya “bwerani mawa” simunaipatsidwe ndi adani, munaisoka nokha. Si aliyense wodziwa kusoka chitenje amene angagwire satini, ndipo kunena kuti “mayi, iyi si ntchito yanga, pitani kwa uje ku Kamba” sikuchotsa ulemu. Chochotsa ulemu ndi kulandira diresi la mwana wa munthu, kulidula mwa chiyerekezo, n'kuzimitsa foni. Chitenje chikalakwika tigula china ku msika. Diresi lochokera ku Suzhou silibweranso pofika Loweruka. Lembani m'buku zimene mwagwirizana, mtengo wake ndi tsiku lotenga, mwini wake aone. Nsalu imene mwadula m'bwezereni, ndi yake, mwina idzafunika pokonzera mng'ono wake.

Inunso a komiti, mukamva mtengo musalumphe kuti “kungobweza kokhako?” Munthu wakhala masiku awiri ataweramira mikanda. Wokongoletsa holo mwamupatsa zake osatsutsa, pamene maluwa ake madzulo omwewo apakiridwa m'galimoto. Ikani mzerewo pa bajeti kuyambira msonkhano woyamba, perekani theka poyamba, lotsala potenga.

Tsiku lotenga diresi musapite nokha. Tengani amene adzakuvekeni m'mawa wa ukwati, aone mmene zingwe zimalowera, kuyambira pamwamba kutsika, ndi pamene pali ngowe za mchira, ayesere yekha telala akuona. Ena amajambula kavidiyo pa foni, ndipo amachita bwino, chifukwa m'mawa umenewo m'nyumba mumakhala anthu khumi olamula, wodziwa palibe. M'kachikwama kake mukhale singano, ulusi woyera ndi mapini. Kunyumba lipachikeni pamalo okwera, mulikute ndi nsalu ya pabedi yoyera, kutali ndi utsi wa mbaula. Simbi ya makala isayandikire. Ngakhale ya magetsi, neti ndi satini wa masiku ano ndi pulasitiki, zimasungunuka kamodzi n'kamodzi. Makwinya amachoka ndi nthunzi, kapena ndi simbi yofunda pang'ono pamwamba pa kansalu kena, ndipo woyenera kuchita zimenezo ndi telala yemweyo, osati mlamu wodzipereka.

Akwati aamuna, musaseke kwambiri. Suti ija mwagula ku Limbe nayo inasokedwera munthu wina. Manja a jekete akufika m'zala, thalauzi launjikana pa nsapato, ndipo chithunzi chimenecho chidzakhala pa khoma la apongozi anu zaka zonse. Kufupikitsa thalauzi ndi ntchito ya ola limodzi, manja a jekete tsiku limodzi kapena awiri, koma mapewa akakula musagule n'komwe, pamenepo ngakhale telala waluso amapukusa mutu. Ulusi uja wopingasa pa mpata wa kumbuyo kwa jekete ndi wongogwirizira kuti isakwinyike m'sitolo, udulidwe. Ndi kansalu kaja kolembedwa dzina la kampani pa mkono, kamene ena mumakasiya dala kuti anthu aone kuti ndi yatsopano: kachotseni musanapite ku tchalitchi.